Kuyeza dzimbiri la m'maselo mwa ana odwala khansa ya m'magazi: kuyambira pa bedi mpaka pa makina

Aliyense amene anasungapo nsinjiro m'chitini kwa miyezi ingapo amalidziwa fungo lija zimakhala nalo zikayamba kuwonongeka. Palibe amene wazithira kanthu. Ndi mpweya chabe, okosijeni, umene wadya mafuta a mtedzawo pang'onopang'ono. Khasu loiwalika kumunda m'dzinja limachita dzimbiri pa chifukwa chofanana. M'thupi mwathu zimenezi zimachitikanso tsiku ndi tsiku. Maselo akamagwiritsa ntchito okosijeni amatulutsa tinthu taukali monga superoxide, hydrogen peroxide ndi hydroxyl radical, ndipo tinthu timeneti timawononga mafuta a pa khungu la selo, mapuloteni, ngakhalenso DNA. Thupi lili ndi alonda ake otilepheretsa, otchedwa ma antioxidant. Tinthu taukalito tikachuluka kuposa mphamvu ya alonda, ndiye vuto limene katswiri wa ku Germany, Helmut Sies, analifotokoza mu 1985 ndi dzina loti oxidative stress. Ine pano ndizilitchula kuti dzimbiri la m'maselo.

Malangizo awa ndalembera anzanga a mu labotale, anamwino othandiza pa kafukufuku, ndi ophunzira amene akufuna kuyeza dzimbiri limeneli mwa ana ndi achinyamata odwala leukemia, khansa ya m'magazi. Mfundo yanga ndi imodzi. Dzimbirili silisiya kuchitika magazi akatuluka m'thupi. Limapitirira m'kabotolo, pa benchi, ngakhale mu firiji. Mukachita mphwayi, nambala imene makina adzakupatseni idzakhala yofotokoza za kabotolo kanu, osati za mwana.

Yambani ndi funso, osati ndi kit

Ophunzira ambiri amayamba ndi kufunsa mtengo wa kit, bokosi la mankhwala oyezera okonzedwa kale. Dikirani kaye. Mukufuna kudziwa chiyani?

Pali mafunso atatu amene anthu amawasakaniza. Loyamba: kodi matendawo paokha amabweretsa dzimbiri, mwana asanalandire mankhwala alionse? Maselo a khansa amaswana mofulumira m'mafuta a m'mafupa ndipo amatulutsa tinthu taukali tambiri. Lachiwiri: kodi mankhwala akuchita chiyani? Mankhwala a gulu la anthracycline, monga doxorubicin ndi daunorubicin, amadziwika kuti amatulutsa tinthu taukali timeneti makamaka akakumana ndi ayironi, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene angafooketsere mtima wa mwana patapita zaka. Lachitatu: kodi mwana amene ali ndi dzimbiri lochuluka ndi amene amavutika kwambiri ndi zilonda za m'kamwa, matenda olowa chifukwa chitetezo chatsika, kapena kugonekedwa m'chipatala pafupipafupi?

Funso lililonse lili ndi nthawi yake yotengera magazi. Loyamba limafuna magazi a tsiku limene matenda atsimikizika, mwana asanamwe ngakhale piritsi limodzi la prednisolone. Lachiwiri limafuna kutenga kwa mwana yemweyo kangapo: asanayambe, kumapeto kwa gawo loyamba la mankhwala lotchedwa induction limene limatenga masabata anayi kapena asanu, ndiponso mkati mwa gawo lalitali la maintenance. Lachitatu limafuna ana ambiri ndi kuleza mtima.

Musaphatikizenso mitundu ya khansayi ngati ndiwo za mphika umodzi. Leukemia ya mtundu wa ALL (acute lymphoblastic leukemia), imene imagwira kwambiri ana a zaka 2 mpaka 5, ndi yosiyana ndi ya mtundu wa AML (acute myeloid leukemia) pa mankhwala ake ndi pa mayendedwe ake. Mnyamata wa zaka 17 si mwana wa zaka 3.

Chilolezo, ndi nkhani ya magazi

Palibe dontho limene mungatenge popanda chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku. Ku Malawi kuno njira zodziwika ndi komiti ya ku Kamuzu University of Health Sciences, imene ambiri amaidziwa ndi dzina loti COMREC, ndi komiti ya NHSRC ya ku unduna wa zaumoyo. Ngati magazi ena mudzawatumize kunja, komitiyo idzafuna kuona pangano lolembedwa la kasamutsidwe kake, ndipo makolo ayenera kuuzidwa zimenezi poyera pa fomu yawo.

Lankhulani ndi mayi kapena bambo mutakhala pansi, osati muli chiimire ndi singano m'manja. Tonse tikukumbukira mphekesera za anamapopa za mu 2017 ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, ndipo anthu anataya miyoyo. Kholo limene lauzidwa dzulo kuti mwana wake magazi ndi ochepa, lero n'kuona mlendo akubwera kudzatenga ena, lili ndi chifukwa chomveka chokayikira. Aonetseni kabotolo kenikeniko. Auzeni kuti, “Mayi, magazi amene tikupempha ndi osakwana supuni yaing'ono ya tiyi. Sitibaya mwana kawiri, titenga nthawi yomweyo imene adokotala akutenga awo. Mukakana, chithandizo cha mwana wanu sichisintha ngakhale pang'ono.” Ndipo zikhaledi choncho. Mwana wamkulu womva zinthu afunsidwenso yekha ngati akulola.

Mwana amakhala ndi magazi pafupifupi mamililita 75 mpaka 80 pa kilogalamu iliyonse ya thupi lake. Wolemera makilogalamu 12 ndiye kuti alibe ngakhale lita imodzi yathunthu, ndipo akutengedwa kale magazi kawirikawiri pa zoyeza za chipatala. Werengerani zonse pamodzi, tsatirani malire amene komiti yavomereza, ndipo dokotala wa mwanayo akati lero ayi, ndi ayi. Pachifukwa chomwechi mkodzo ndi bwenzi lanu: supweteka, ndipo zina mwa zoyezera zabwino kwambiri zimapezeka mmenemo.

Sankhani zoyezera ziwiri kapena zitatu zimene mungazisamale

Zoyezerazi zili m'magulu awiri: zoonetsa chimene chawonongeka, ndi zoonetsa mphamvu ya alonda.

Pa zowonongeka, yotchuka kwambiri ndi malondialdehyde, mwachidule MDA, imene imatsala mafuta akawonongeka ngati nsinjiro zija. Njira yotsika mtengo yoyezera ndi TBARS. Mumasakaniza plasma, madzi a magazi otsala maselo akachotsedwa, ndi thiobarbituric acid, n'kutenthetsa pa madigiri pafupifupi 95, madzi aja n'kufiirira, kenako mumawerenga kufiirirako ndi makina a kuwala pa 532 nm. Ndi yosavuta, n'chifukwa chake aliyense amaikonda. Koma thiobarbituric acid sasankha. Amagwirananso ndi shuga, bilirubin ndi tinthu tina, ndipo kutenthetsa komweko kumapanga MDA wina amene munalibe m'thupi mwa mwana. Ngati njira yomwe muli nayo ndi imeneyi, igwiritseni ntchito, koma polemba lembani kuti mwayeza TBARS, musadzitame kuti mwayeza MDA weniweni. Amene ali ndi makina a HPLC angathe kumupatula MDA payekha.

Yodalirika kwambiri pa mafuta ndi F2-isoprostanes, amene Jason Morrow ndi Jackson Roberts a ku Vanderbilt University ku America anawafotokoza mu 1990. Amayezedwa bwino ndi mass spectrometry, makina ozindikira tinthu poona kulemera kwake, ndipo a mu mkodzo sasinthasintha msanga. Pa DNA pali 8-OHdG, kachidutswa kotsala DNA ikawonongeka, naye wa mu mkodzo. Ma kit a ELISA a 8-OHdG amakonda kupereka manambala okwera kuposa a mass spectrometry, choncho musayerekeze zanu ndi za munthu amene anagwiritsa ntchito njira ina. Pa mapuloteni pali protein carbonyls, amene amayezedwa ndi DNPH pa 370 nm kapena pafupi ndi pamenepo.

Kumbali ya alonda, wamkulu ndi glutathione. Akakhala wokonzeka kugwira ntchito amatchedwa GSH, akagwira ntchito n'kutha mphamvu amasanduka GSSG, ndipo m'selo lathanzi GSH amaposa GSSG nthawi zoposa 100. Palinso ma enzyme atatu: superoxide dismutase, imene Joe McCord ndi Irwin Fridovich anaitulukira ntchito yake mu 1969, catalase, ndi glutathione peroxidase. Pomaliza pali zoyeza mphamvu ya alonda onse pamodzi, monga FRAP ya Benzie ndi Strain ya mu 1996, yowerengedwa pa 593 nm.

Malangizo anga ndi oti mutenge chimodzi cha zowonongeka ndi chimodzi cha alonda, mwina n'kuwonjezera cha mu mkodzo. Amene amayeza zinthu khumi pa ana makumi awiri amapezamo ndithu china chooneka ngati chasiyana, koma mwangozi chabe.

FRAP ndiyofunika kuichenjerera mwapadera pa khansa imeneyi. Pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse a mphamvu imene FRAP imaona mu plasma amachokera ku uric acid. Tsono mwana wa leukemia, maselo a khansa akamaphulika ambiri nthawi imodzi, uric acid amakwera kwambiri, vuto loopsa lotchedwa tumour lysis syndrome limene limawononga impso. FRAP ya mwana ameneyu idzaoneka yokongola zedi, pamene mwanayo ali pakati pa moyo ndi imfa. Akayamba kumwa allopurinol, uric acid amatsika, FRAP nayo n'kutsika, inu n'kulemba kuti mankhwala a khansa atha alonda. Bilirubin wa mwana wachikasu nayenso amakweza FRAP. Ngati mwasankha FRAP, yezaninso uric acid pa magazi omwewo. Mukapanda kutero, ingoisiyani.

Lembani zonse zimene zingakunamizeni

Apa ndi pamene kafukufuku wa kuno amasiyanira ndi wa ku Ulaya, ndipo ndi pofunika kukhalapo nthawi.

Funso loyamba pa fomu yanu likhale lakuti: kodi mwanayu anaikidwa magazi, ndipo liti? Ana ambiri a leukemia amafika ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre kapena ku Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe atadutsa kale ku chipatala cha boma lawo, kumene kawirikawiri amakhala atapatsidwa magazi chifukwa anafika atayezuka. Maselo ofiira amakhala m'thupi mpaka masiku 120. Mukayeza catalase kapena glutathione m'maselo ofiira a mwana amene waikidwa magazi sabata yatha, gawo lina la zimene mukuyeza ndi za munthu amene anapereka magaziwo, mwina wophunzira wa sekondale wathanzi lake. Kuikidwa magazi kobwerezabwereza kumaunjikanso ayironi m'thupi, ndipo ayironi ndi amene amasonkhezera dzimbirili. Ngati ndalama zilipo, yezani ferritin, puloteni wosunga ayironi, koma kumbukirani kuti naye amakwera thupi likatupa mkati kapena likamalimbana ndi tizilombo.

Malungo amabweretsa dzimbiri lambiri m'maselo ofiira. Yezani malungo kwa mwana aliyense, wodwala khansa ndi woyerekezera yemwe, tsiku lomwe mukutenga magazi. Lembani ngati ali ndi HIV, ngati thupi latentha, ngati ali ndi sickle cell. Lembani sikelo, msinkhu ndi muyezo wa pamkono, chifukwa mwana wonyentchera, makamaka wotupikana, amakhala ndi glutathione wochepa ngakhale alibe khansa. Funsani ngati kunyumba amaphikira nkhuni m'nyumba momwe mwana amagona, kapena ngati wina amasuta fodya.

Pali zina ziwiri zimene ophunzira amaziiwala. Choyamba ndi G6PD, enzyme imene imathandiza maselo ofiira kubwezeretsa GSH. Anthu ambiri a kuno ku Africa amabadwa ali nayo yochepa, makamaka amuna, chifukwa chibadwa chake chili pa chromosome X. Mwana wotero manambala ake amakhala osiyana kuyambira pachiyambi. Nkhaniyi si ya kafukufuku yokha ayi. Kumene mankhwala a rasburicase amapezeka otsitsira uric acid, saloledwa kuperekedwa kwa mwana wa G6PD yochepa, popeza pogwira ntchito yake amatulutsa hydrogen peroxide amene angaphwanye maselo ofiira. Mukapeza mwana wotere, adokotala ake amve tsiku lomwelo.

Chachiwiri ndi selenium. Glutathione peroxidase singagwire ntchito popanda selenium, ndipo kafukufuku wa dothi ndi chimanga cha m'Malawi anaonetsa kuti madera ambiri ali ndi selenium wochepa, pomwe madera a dothi la makande, ngati mbali zina za m'chigwa cha Shire, ali naye wochuluka. Ndiye taganizani: odwala anu ambiri achokera kumapiri, koma ana oyerekezera mwawatenga ku Chikwawa. Kusiyana kumene mudzapeze kudzakhala kwa nsima imene amadya, osati kwa khansa. Ana oyerekezera akhale ofanana ndi odwala pa zaka, pa kukhala mnyamata kapena mtsikana, ndi pa dera lochokera. Abale a wodwalayo amathandiza pa nkhani ya chakudya. Ana a ogwira ntchito m'chipatala, amene amadya mazira ndi zipatso tsiku lililonse, ndi osavuta kuwapeza koma ndi oyerekezera oipa.

Mankhwala nawo alembedwe, dzina, mlingo ndi ola. Asparaginase amatsitsa albumin, puloteni wamkulu wa mu plasma, ndipo akaphatikizana ndi ma steroid angakweze mafuta a m'magazi. Mafuta akachuluka, TBARS imakwera ngakhale dzimbiri silinawonjezeke. Funsaninso mwaulemu za mankhwala azitsamba ndi mavitamini ogula. Mukafunsa mokalipa, yankho lidzakhala loti sanamwe kalikonse.

Tsiku lotenga magazi

Konzani zonse singano isanatuluke m'pepala lake. Timabotolo tikhale titalembedwa kale manambala, osati maina. Bokosi la ayezi likhale pambali panu. Centrifuge, makina ozunguza magazi kuti maselo apatukane ndi plasma, ikhale itazizira, ndipo mukhale mutatsimikiza kuti palibe wina amene akuigwiritsa ntchito. Tengani magazi nthawi yofanana tsiku lililonse, makamaka m'mawa mwana asanadye, koma musamusalitse chakudya mwana wodwala chifukwa cha kafukufuku wanu. Ngati wadya phala, lembani kuti wadya ndiponso ola lake.

Kabotolo ka chivindikiro chapepo, ka EDTA, ndi kabwino pa MDA ndi isoprostanes chifukwa EDTA amagwira ayironi kuti asapitirize kuwononga. Pa chifukwa chomwecho si koyenera pa FRAP, imene kayezedwe kake kamadalira ayironi. Pamenepo tengani ka chivindikiro chobiriwira, ka heparin. Kamene mwasankha kakhale komweko kwa ana onse mpaka kafukufuku atathe.

Mdani wamkulu ndi kuphwanyika kwa maselo ofiira. M'kati mwake muli glutathione wochuluka nthawi mazana angapo kuposa mu plasma, muli catalase, muli haemoglobin ndi ayironi wake. Ochepa chabe akaphwanyika, plasma yanu yawonongeka. Choncho musamange mkono nthawi yaitali, musakoke jakisoni mwamphamvu, ndipo pothira m'kabotolo musakankhe magazi mokakamiza kudzera pa singano yopyapyala. Tembenuzani kabotolo modekha kangapo, osakhutchumula. Ngati magazi akutengedwa pa kanula imene munadutsa diripi, oyambirira aja si anu, chifukwa asakanikirana ndi madzi a diripiyo. Mwana amene ma platelet ake, tinthu tothandiza magazi kuundana pa bala, ndi otsika mumutsindire pa bala nthawi yotalikirapo. Musathamangire ku labotale magazi akadali kutuluka pa mkono wake.

Kabotolo kalowe m'bokosi lozizira nthawi yomweyo, kokulungidwa kuti kasagundane ndi ayezi mwachindunji, poopa kuti magazi angaundane n'kuphwanya maselo. Lembani ola ndi mphindi. Yesetsani kuti mkati mwa mphindi 30 magazi akhale ali mu centrifuge, pa 1500 mpaka 2000 g, kwa mphindi 10 mpaka 15, pa madigiri 4. Changu chimenechi n'chofunika kwambiri pa leukemia kuposa pa matenda ena, chifukwa mwana amene maselo ake oyera achuluka zedi, maselowo amapitiriza kudya shuga ndi kutulutsa zinyalala zawo m'kabotolo momwemo.

Mukatulutsa, yang'anani mtundu wa plasma pa kuwala. Ikakhala yofiirira, lembani, ndipo musaiwerengere pamodzi ndi zinazo. Poyamwa plasma musakhudze kamzere koyera kali pakati, kamene mwa odwala ena kamakhala kokhuthala modabwitsa. Siyani plasma pang'ono pamwamba pake, musaumire.

Glutathione ali ndi mwambo wakewake. GSH amayamba kusanduka GSSG m'mphindi zochepa magazi akatuluka. Amene akufuna kuyeza zonse ziwiri amathira N-ethylmaleimide m'magazi nthawi yomweyo kuti GSH asasinthe, kenako n'kuchotsa mapuloteni ndi asidi monga metaphosphoric acid. Ngati wodi ili kutali ndi labotale ndipo simungathe kuchita zimenezi pafupi ndi bedi, yezani glutathione yense pamodzi basi, za GSSG muziiwale. Pa MDA ndi isoprostanes, thirani BHT, mankhwala oletsa mafuta kuwonongeka, mu plasma musanaiumitse, monga mwa malangizo a njira imene mukutsatira. Maselo ofiira oyezera ma enzyme atsukeni katatu ndi saline wozizira wa 0.9%.

Mkodzo utengeni wa m'mawa m'kabotolo koyera, uzunguzeni kuti zinyalala zikhale pansi, n'kuugawa.

Firiji

Gawani plasma m'timabotolo ting'onoting'ono tingapo, kalikonse kokwanira kuyeza kamodzi. Kusungunula ndi kuumitsanso kumawonjezera dzimbiri ulendo uliwonse. Malo oyenera ndi firiji ya madigiri -80. Pa -20 mafuta a mu plasma amapitiriza kuwonongeka pang'onopang'ono, ndipo isoprostanes atsopano amabadwa m'kabotolo momwemo.

Tonse tikudziwa mmene magetsi amachitira. Musanasunge kalikonse, funsani ngati firijiyo ili pa jenereta, ndani amaiyatsa usiku ndi Lamlungu, ndiponso ngati mafuta ake amakhalapo. Ikani kachipangizo kolemba kazizidwe ka mkati, kapena lembani nokha m'buku m'mawa ndi madzulo. Njira ina ya kumudzi koma yothandiza: umitsani madzi m'kakapu, ikani ndalama yachitsulo pamwamba pa ayeziyo, n'kukasiya mu firijimo. Tsiku limene mudzaipeze ndalamayo yamira, dziwani kuti zinthu zinasungunuka inu kulibe. Ngati n'kotheka gawani timabotolo ta mwana aliyense m'mafiriji awiri.

Pali msampha wina wobisika. Ambiri amatolera magazi a odwala kwa chaka chathunthu, popeza odwala amabwera mmodzimmodzi, kenako n'kutolera a ana oyerekezera onse sabata imodzi kumapeto. Zikatero a odwala akhala mu firiji miyezi khumi, a oyerekezera masiku khumi. Mudzapeza MDA wokwera mwa odwala, mudzasangalala, koma mwayeza ukalamba wa timabotolo. Wodwala akalowa m'kafukufuku, woyerekezera wake apezeke mwezi womwewo.

Pa benchi

Sungunulani pa ayezi, osati m'manja kapena m'madzi ofunda. Sakanizani timabotolo ta odwala ndi ta oyerekezera pa plate imodzi, kambale ka timaenje toyezeramo, ndipo onse a mwana mmodzi, a tsiku loyamba ndi a pambuyo pake, ayezedwe limodzi tsiku limodzi. Woyezayo asadziwe kuti nambala iyi ndi ya ndani. Yezani kalikonse kawiri, ndipo ziwirizo zikasiyana kwambiri bwerezani. Konzani plasma imodzi yochuluka, muigawe, muziika kagawo kake pa plate iliyonse, kuti muone ngati makina akusuntha pakati pa Lolemba ndi Lachisanu. Standard curve, mzere woyerekezera wochokera ku milingo yodziwika kale, ikhale yatsopano tsiku lililonse. Kit yotha nthawi, kapena imene inakhala masabata pa bwalo la ndege kunja kukutentha, musaikhulupirire musanaiyese.

Manambala osaphika sanena kanthu. Za mu mkodzo zigawidwe ndi creatinine, chinyalala chimene impso zimatulutsa mu mkodzo, chifukwa mwana amene ali pa diripi ya madzi ambiri mkodzo wake umakhala wosungunuka. Ma enzyme a m'maselo ofiira awerengedwe pa galamu iliyonse ya haemoglobin, apo ayi mudzangotulukira kuti mwana wa leukemia ali ndi magazi ochepa, zimene mayi ake anaziona kale m'zikhato. Protein carbonyls awerengedwe pa miligalamu ya mapuloteni.

Kumasulira zimene mwapeza

Manambala amtunduwu kawirikawiri amakhala ndi ana ochepa okwera kwambiri amene amakoka avereji. Gwiritsani ntchito median, nambala yapakati mukaandandalika onse, ndipo jambulani kadontho ka mwana aliyense kuti owerenga adzionere okha. Nenani ana angati anamwalira kapena kusiya chithandizo pakati, popeza amene atsala pa muyezo womaliza amakhala olimba kale, ndipo manambala angaoneke ngati akonzeka pamene odwalitsitsa angochokamo.

Enzyme ikakwera, ingatanthauze kuti thupi lili ndi alonda okwanira, kapena kuti laitana alonda ambiri chifukwa nkhondo yakula. Ikatsika, mwina yatha, mwina sikufunika. N'chifukwa chake ndinati muyeze mbali zonse ziwiri. Ndipo mukapeza dzimbiri lochuluka mwa odwala, musalembe kuti ndilo linayambitsa khansayo. Munayeza mwana atadwala kale. Phulusa limene mwapeza pa bwinja silikuuzani amene anayatsa moto.

Palibe chimodzi mwa zoyezera izi chimene chimagwiritsidwa ntchito potsimikiza leukemia kapena posankha mankhwala. Zimenezo ndi ntchito ya full blood count, kuona magazi pa maikulosikopu, kuyeza mafuta a m'mafupa, ndi flow cytometry kumene ilipo. M'maiko olemera ana pafupifupi 90 pa 100 alionse a ALL amachira, ndipo bungwe la WHO mu 2018 linakhazikitsa cholinga choti pofika 2030 ana 60 pa 100 alionse odwala khansa padziko lonse azipulumuka. Chimene chingatifikitse kumeneko ndi kufika msanga kuchipatala, mankhwala osadukiza, magazi, ndi kuthana ndi matenda olowa chitetezo chikatsika. Kafukufuku wanu ndi wothandiza kumvetsa, asatsekereze njira ya zimenezi.

Mayi akakufunsani za mapiritsi

Adzakufunsani ndithu. Akangomva kuti mukuyeza alonda a m'thupi, wina pa wodi adzawauza za mabotolo a antioxidant ogulitsidwa m'tauni ndi pa WhatsApp, ena okwera mtengo kuposa thumba la chimanga. Yankho lanu likhale lomveka: asamupatse mwana piritsi, ufa kapena chitsamba chilichonse adokotala a khansa asanavomereze. Mankhwala ena a khansa amapha maselo oipa pogwiritsa ntchito tinthu taukali tomwe tija, ndipo palibe amene akufuna kuti maselo a khansa apeze chishango. Mavitamini ena osakaniza amakhala ndi folic acid, pamene methotrexate, mmodzi mwa mankhwala akuluakulu a ALL, amagwira ntchito potsekereza njira ya folic acid yomweyo.

Chakudya ndi nkhani ina. Gulu la ku Columbia University ku New York linatsatira ana a ALL ndipo mu 2004 linafalitsa zoti ana amene ankadya zakudya zochepa mavitamini C, E ndi beta-carotene ankavutika kwambiri ndi zotsatira za mankhwala. Limeneli linali phunziro longoonerera, silinali loyesa mapiritsi. Choncho chimene mungawauze mayi mosakayika ndi cha m'mbale: bonongwe, chisoso, nkhwani zotendera, mbatata yofiira mkati, maungu, usipa, mazira ophika bwino, nyemba, ndi zipatso zosenda monga nthochi, mapapaya, mango ndi malalanje, zotsukidwa ndi madzi abwino zisanasendedwe. Nthawi imene maselo oyera atsika, ndiwo zikhale zophikidwa n'kudyedwa zikadali zotentha, madzi akumwa akhale owiritsa, ndipo nsinjiro zikhale za mtedza wosankhidwa bwino, wopanda chuku, zosinjidwa kumene. Mwana wa zilonda m'kamwa amupatse phala lofewa lothira nsinjiro kapena dzira, pang'onopang'ono koma pafupipafupi. Thupi likangotentha, ngakhale pakati pa usiku, asadikire kuti kuche ndipo asayambe ndi panado, apite naye kuchipatala n'kunena pakhomo pomwe kuti mwanayu ali pa mankhwala a khansa.